Musanatenge ana a anzanu kukakwera matanthwe

Ngati mpingo wanu, kapena bungwe la anthu akumudzi mumzinda umene mukukhala, linakusankhani kuti muziyang'anira achinyamata, dziwani kuti posachedwapa wina mwa iwo akuuzani kuti atopa ndi kuwotcha nyama kupaki. Akufuna kukakwera matanthwe. Sizodabwitsa ayi. Masewerawa analowa nawo mu Olympics ya ku Tokyo imene inachitika mu 2021, ndipo mizinda ikuluikulu kuno ku Britain ili ndi nyumba zokhala ndi makoma ochita kupanga oti anthu azikwerapo. Anzawo akusukulu amachitirako ngakhale maphwando a tsiku lobadwa.

Makolo ena akangomva zimenezi amati, "Mukufuna kutiphera ana eti?" Ena amaseka, amvekere ife tinakula tikukwera mitengo ya mango ndi miyala ya kuphiri popanda chingwe, koma si ife tilipowa. Zoona zake zili pakati. Kukwera ndi chingwe, pamalo oyenera, moyang'aniridwa ndi munthu wodziwa, ndi masewera amene ana ambirimbiri amachita n'kubwerera kunyumba ali bwinobwino. Kusiyana kwake ndi mpira n'kwakuti kumpira munthu akalakwitsa amangobinya bondo, pamene kuno kulakwitsa kamodzi kokha kutha kupha. Ndipo amene makolo adzamuloze chala ndinu.

Ine ntchito yanga ndi ya mankhwala, ndimagwira mu famasi, ndipo ndimathandizako gulu la achinyamata la kwathu kuno. Nkhani ino siingakuphunzitseni kumanga mfundo ya chingwe, zimenezo zimafuna manja ndi mphunzitsi ali pambali panu. Chimene ndingakuuzeni ndi kumene mungakaphunzire, zimene muziyang'ana, komanso mbali ina imene atsogoleri ambiri amaiona ngati ntchito ya mapepala chabe: thanzi la mwana aliyense ndi mankhwala amene akumwa.

Kumene mungaphunzire

Ku Britain ndi ku Ireland maphunziro a atsogoleri amayendetsedwa ndi bungwe la Mountain Training. Poyambira pabwino kwa mtsogoleri wa gulu la mpingo ndi Indoor Climbing Assistant, maphunziro aafupi amene amakulolani kuthandiza mphunzitsi weniweni pakhoma la m'nyumba, koma osati kuyendetsa zinthu panokha. Mukafuna kumayang'anira gulu pakhoma, pepala lake ndi Climbing Wall Instructor. La panja, pathanthwe lenileni lalifupi loti chingwe chimodzi chikukwana, ndi Rock Climbing Instructor, limene kale linkatchedwa Single Pitch Award. Limeneli ndi la masiku atatu ophunzira ndi awiri a mayeso, koma musanyengedwe ndi kuchepa kwa masikuwo. Salola munthu kulowa asanakwerepo yekha kambirimbiri, ndipo pamayeso amafunanso setifiketi ya chithandizo choyamba cha maola 16. Malo odziwika ophunzirirako ndi Plas y Brenin ku Wales ndi Glenmore Lodge ku Scotland, ngakhale kuti makoma ambiri a m'tauni amaphunzitsanso. Amene muli ku America funsani za Single Pitch Instructor ya bungwe la AMGA, ndipo ku South Africa yambani ndi a Mountain Club of South Africa, bungwe limene lakhalapo kuyambira mu 1891.

Maganizo anga ndi akuti chaka choyamba musayendetse nokha chilichonse. Lipirani mphunzitsi wa mapepala, inu mukhale womuthandiza ndi wophunzira. Ndipo mufunseni mapepalawo muwaone ndi maso anu, safunsa anadya phula. Ngati akutengerani panja, mufunseninso za laisensi ya AALA. Laisensi imeneyi inabwera chifukwa cha maliro. Mu Malichi 1993 ana anayi asukulu anamwalira ku Lyme Bay pa ulendo wa timabwato umene unakonzedwa mosasamala, ndipo mu 1995 boma linakhazikitsa lamulo loti olandira ndalama potengera ana osakwana zaka 18 ku masewera otere ayenera kuyenderedwa ndi kupatsidwa chilolezo. Lamuloli silikhudza makoma a m'nyumba, silikhudzanso gulu lodzipereka limene likutenga mamembala ake okha. Koma kusafunika laisensi sikukuchotserani udindo. Funsani akuluakulu a mpingo ngati inshulansi yawo ikuphatikizapo kukwera matanthwe, ndipo ayankhe polemba. Aliyense wamkulu woyang'anira ana akhale kuti anafufuzidwa ndi a DBS, kapena PVG ngati muli ku Scotland.

Maso awiri pa mfundo iliyonse

Mu famasi muli lamulo limene anthu akunja amaliona ngati kutaya nthawi. Wina akaika mankhwala m'bokosi ndi kumata dzina, wina amayang'ananso: dzina la wodwala, dzina la mankhwala, mphamvu yake, kuchuluka kwake. Sitichita zimenezi chifukwa woyambayo ndi mbuli. Timachita chifukwa munthu wozolowera ntchito ndi amene manja ake amapitiriza okha pamene mutu uli kwina, foni ikalira kapena wina akamulankhulitsa.

Kukwera matanthwe kumadalira lamulo lomweli. Lynn Hill wa ku America ndi mmodzi wa akatswiri otchuka kwambiri pa masewerawa, ndiye woyamba kukwera njira yotchedwa The Nose ku Yosemite ndi manja ndi mapazi okha, chingwe chili chongomuteteza, mu 1993. Koma mu 1989 ku Buoux, ku France, anayamba kumanga mfundo yake, china chake chinamusokoneza, ndipo sanaimalize. Atafika pamwamba n'kutsamira chingwe, chinasolotoka. Anagwa mamita oposa 20 ndipo anapulumuka chifukwa nthambi za mtengo zinachepetsa liwiro lake. Ngati zinachitikira iye, zingachitikire mtsikana wa zaka 13 amene akumanga mfundo uku akuseka ndi anzake.

Choncho palibe mwana amene achotse phazi pansi asanayang'anidwe ndi mnzake, kenako ndi inu. Muziyang'ana zinthu zomwezomwezo, mwa dongosolo lomwelomwelo, ndipo muzigwira ndi dzanja, osangoponya diso. Harness, lamba uja wa m'chiuno ndi m'ntchafu, akhale pamwamba pa mafupa a m'chiuno, womangika moti mukamukokera pansi sakutsika. Mfundo yofanana ndi nambala 8 ikhale yadutsa pamalo ake enieni pa harness, osati pa timagoli ta m'mbali topachikapo zipangizo, timene sitinganyamule munthu. Kwa wogwira chingwe pansi, ntchito imene amaitcha belay, onani kuti chingwe chalowa bwino m'kachipangizo kake ndipo karabina yatsekedwa. Kumapeto kwa chingwe kukhale mfundo kuti chisathere m'manja wina akutsitsidwa.

Ngozi yaikulu pa gulu la ana ili pansi, osati m'mwamba. Wokwera amakhala tcheru chifukwa ali ndi mantha. Wogwira chingwe ndi amene amatopa, khosi limamuwawa, amayamba kucheza. Dzanja logwira mbali ya chingwe yochita buleki silisiya chingwe ngakhale kamphindi, kaya akufuna kukanda mphuno, kaya mnzake akumujambula. Mwana wongoyamba kumene asagwire yekha. Kumbuyo kwake kuime munthu wina wogwiranso chingwe chomwecho. Zipangizo zina monga GriGri zimathandiza kugwira chingwe zokha, koma zapwetekesapo anthu amene ankaganiza kuti zimagwira ntchito yonse. Onaninso kulemera. Kamnyamata koonda kakagwirira mnyamata wa thupi, wamkuluyo akagwa kamanyamuka n'kukamenya khoma. Makoma ambiri ali ndi matumba a mchenga kapena pomangirira pansi chifukwa cha zimenezi.

Palinso makina otsitsa munthu okha, opanda wogwira chingwe, otchedwa auto belay. Vuto lake lodziwika ndi lomvetsa chisoni chifukwa ndi lophweka: munthu amaiwala kudzikola, n'kukwera mpaka pamwamba, n'kudziponya. Ndipo bouldering, kukwera makoma aafupi a mamita anayi kapena kuposerako pang'ono popanda chingwe, kumaoneka kosaopsa chifukwa pansi pali matiresi. Kumeneko ndi kumene akakolo ndi mikono zimathyokera kawirikawiri. Aphunzitseni kutsika pogwira m'malo modumpha, kupinda mawondo akagwa, kusatchinga ndi mkono wowongoka, ndi kusakhala kapena kudutsa pansi pa wina amene ali m'mwamba.

Za tsitsi, zovala ndi zipangizo zopatsidwa

Pali zinthu zimene mphunzitsi wachizungu mwina sangaziganizire msanga koma inu mukuzidziwa. Mameshi aatali, madiredi ndi tsitsi loluka lalikulu zimatha kulowa m'kachipangizo ka chingwe wina akutsika, ndipo zikalowa zimakoka mutu. Zimangidwe kumbuyo, munsi mwa khosi, chifukwa zikaunjikidwa pamwamba helimeti siikhala bwino. Uzani makolo kudakali milungu iwiri kuti mwana asalukidwe sitayilo yokwera m'mwamba dzulo lake la ulendo, ndipo funsani eni malo ngati ali ndi mahelimeti aakulu. Panja helimeti ndi ya aliyense, ngakhale wongoonerera pansi pa thanthwe, chifukwa miyala imagwa. Ikhale yokwerera matanthwe, yolembedwa EN 12492, osati ya njinga. Mphete, ndolo zazikulu ndi zibangili zivulidwe. Mphete ikakodwa munthu akugwa imatha kusenda chala chonse. Siketi ndi chitenje sizigwirizana ndi harness, ndiye ngati pali makolo amene safuna mwana wawo wamkazi avale buluku, kambiranani nawo kunyumba, osati pakhomo la malo okwerera mwana ali pomwepo.

Wina mumpingo akadzabwera ndi chikwama cha zingwe zimene anagula pa intaneti kapena anapatsidwa ndi mnzake wa kuntchito, thokozani koma musazigwiritse ntchito. Chingwe ndi harness zili ngati mankhwala, zimatha mphamvu ngakhale zikuoneka zabwino. Makampani ngati Petzl amati zipangizo za nsalu zisapitirire zaka 10 kuchokera pamene zinapangidwa, ndipo zogwiritsidwa ntchito kwambiri zimatha kale nthawiyo isanakwane. Asidi wa batire ya galimoto amadya nayiloni mosaoneka, ndiye chingwe chimene chinagonapo m'buti simungachidalire. Katswiri wina, Todd Skinner, anamwalira ku Yosemite mu 2006 pamene goli la kutsogolo kwa harness yake yakutha linaduka.

Fomu ya zaumoyo

Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ife timapunthwa. Makolo ambiri a kwathu akapatsidwa fomu yofunsa za matenda a mwana amalemba kuti palibe, ngakhale pamene pali. Ena amaopa kuti mwana asiyidwa, ena amaopa miseche ya mumpingo, makamaka pa khunyu ndi HIV. Mantha amenewa ali ndi chifukwa chake, tonse tikudziwa mmene nkhani zimayendera pa WhatsApp. Choncho nenani poyera kuti mafomu aziwerengedwa ndi anthu awiri okha, atchuleni mayina, ndipo sungani lonjezolo. Funsaninso kholo lililonse pambali, ndi pakamwa: kodi pali mankhwala amene mwanayu amamwa, kupopera kapena kubaya? Za HIV simufunika kuzidziwa kuti mupereke chithandizo choyamba. Magazi a aliyense timawagwira titavala magolovesi, basi.

Chimene mufunika kudziwa ndi mankhwala ogonetsa kapena ochititsa chizungulire, chifukwa mwana wotere asagwirire mnzake chingwe. Woyamba ndi Piriton, amene ali m'nyumba zathu zambiri. Nthawi ya chilimwe ana ambiri amayetsemula ndi mungu wa udzu, mayi n'kupereka Piriton m'mawa. Amagonetsa ndipo amachedwetsa manja. Cetirizine kapena loratadine sagonetsa kwambiri, koma mwana ayambe wawayesa tsiku lina kunyumba. Wachiwiri ndi mankhwala opewera malungo kwa ana amene angobwera kumene kuchokera kumudzi. Mefloquine amatha kuchititsa chizungulire ndi kudzandira, ndipo amamwedwabe milungu inayi munthu atabwerako. Doxycycline nayenso ndi wa milungu inayi, ndipo amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ngakhale khungu lathu lakudali. Asasiye mankhwalawo chifukwa cha ulendo. Ngati pali vuto, ulendo ndiwo udikire.

Mwana wa mphumu sakuletsedwa kukwera, koma mpweya wozizira, kuthamanga ndi fumbi la choko chopaka m'manja zimatha kuyambitsa chifuwa. Inhela yake ya buluu, ya salbutamol, ikhale pansi pa khoma pomwepo, osati m'basi. Akabanika, akhale tsonga, apope kamodzi pa masekondi 30 mpaka 60 aliwonse mpaka kakhumi. Zikamaipiraipira, kapena akapanda kupeza bwino atapopa kakhumi, imbani 999. Ana ena masiku ano ali ndi inhela ya mtundu wina yokhala ndi malamulo akeake, ndiye pemphani makolo pepala la dongosolo limene anapatsidwa kuchipatala. Kumbukirani kuti pakhungu lakuda kusowa mpweya sikuoneka ngati mmene mabuku achizungu amajambulira. Yang'anani mkati mwa milomo, m'nkhama ndi lilime ngati zikutuwa.

Amene thupi lake limadana koopsa ndi mtedza kapena ululu wa njuchi ndi mavu abwere ndi majakisoni ake awiri a adrenaline, monga EpiPen kapena Jext. Onani deti, onaninso pa kawindo kake ngati madzi ake ali oyera. Asasiyidwe m'galimoto yotentha. Sukulu zimaloledwa kusunga jakisoni ndi inhela zapadera, koma gulu la mpingo silingagule, ndiye mwana akaiwala zake palibe pogwira. Zikachitika, bayani kunja kwa ntchafu, ngakhale pa buluku pomwepo, imbani 999, mugonekeni chagada miyendo ili m'mwamba, kapena akhale tsonga ngati akulephera kupuma, ndipo asaimirire. Pakatha mphindi zisanu osasintha, bayani yachiwiri. Lamulo limalola munthu aliyense kubaya adrenaline pofuna kupulumutsa moyo. Pitani ku famasi ya kwanuko mukapemphe kuti akuonetseni ndi jakisoni yophunzirira yopanda singano.

Wa shuga wobaya insulin ayeze asanakwere ndiponso asanagwire chingwe. Shuga akatsika pansi pa 4, kapena akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuyankha zosokonekera, mupatseni zotsekemera za msanga monga juwisi kapena maswiti a glucose, adikire mphindi 10 mpaka 15, ayezenso. Wa khunyu, ngati a dokotala ake avomera, angathe kukwera ali pa chingwe chochokera pamwamba, koma asagwirire mnzake popanda wachiwiri kumbuyo. Akagwa khunyu ali m'mwamba mutsitseni pang'onopang'ono, osamuika kanthu m'kamwa, ndipo kukapitirira mphindi zisanu imbani 999.

Matenda a sickle cell ndi athu kwambiri kuposa a anzathu achizungu, ndipo mphunzitsi amene mwalembayo mwina sanakumanepo nawo. Kuzizira, ludzu ndi kutopa kwambiri ndi zimene zimayambitsa ululu wake, ndipo zitatu zonsezi mumazipeza pa Stanage Edge pafupi ndi Sheffield, pamene mphepo imawomba ana ataima kudikira nthawi yawo. Mwana wotere avale zofunda zambiri, azimwa madzi pafupipafupi ndipo azipuma akafuna, osamukakamiza. Kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kutentha thupi kofika 38 ndi nkhani ya ambulansi. Ana obadwira kuno amayezedwa ali akhanda, koma obadwira kumudzi ambiri sanayezedwepo, ndipo GP angathe kuyeza. Izi n'zofunikanso kwa amene mukulota zodzatengera gulu ku Mulanje pa tchuthi. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, mpweya kumeneko ndi wochepa, ndipo ngakhale amene anangotengera mbali imodzi ya matendawa amatha kumva kupweteka kwa kapamba pamalo okwera chonchi.

Musapereke mankhwala alionse, ngakhale panado, popanda chilolezo cholembedwa cha kholo. Aspirin ndi woletsedwa kwa osakwana zaka 16. Ibuprofen amabanikitsa ana ena a mphumu. Ndipo wachinyamata amene wayamba kukwera pafupipafupi akamadandaula kupweteka pa mfundo yapakati ya chala, makamaka chala chapakati, musamupatse mankhwala opha ululu kuti apitirize. Pa zaka zimene mwana akukula msanga, mafupa a zala amakhala asanakhwime kumapeto kwake ndipo amang'aluka. Asiye kukwera, akaonedwe ndi a dokotala ndi kujambulidwa, apo ayi chalacho chitha kupindika moyo wake wonse.

Tsiku la panja

Amene muli ku London, malo apafupi ndi Harrison's Rocks kufupi ndi Tunbridge Wells, amene mwini wake ndi bungwe la British Mountaineering Council. Mwala wake ndi wofewa ndipo uli ndi malamulo ake a kamangidwe ka zingwe, chifukwa chinanso chopitira ndi munthu wodziwa malowo. Kulikonse kumene mungapite, ikani malire a pamene ana angafike, makamaka pamwamba pa thanthwe pamene amakonda kukajambulira zithunzi. Mwana akauma ndi mantha ali pakati, lankhulani naye munthu mmodzi yekha, modekha, ena akhale chete. Akati akufuna kutsika, atsike. Kumunena kuti ndi wamantha pamaso pa anzake kumapangitsa kuti ulendo wina adzabise pamene sakumva bwino.

Ngozi ikachitika kutchire imbani 999, pemphani apolisi, kenako Mountain Rescue. Musananyamuke tumizani uthenga wa mawu oti register ku 999 ndi kutsatira yankho lake, kuti pamene netiweki ili yofooka muthe kuitana thandizo polemba. Dziwani dzina la malo ndi poimika galimoto papafupi. Wagwa kuchokera m'mwamba ndipo akudandaula khosi kapena msana, musamunyamule pokhapokha ngati pamene alipo pali ngozi ina. Mufunditseni pansi ndi pamwamba, chifukwa wovulala amazizidwa msanga.

Wamenyetsa mutu, ngakhale adzuke n'kumaseka, tsiku limenelo wamaliza, ndipo makolo aimbe 111 pasanathe maola 24. Kukomoka, kusanza, kugona kosadzutsika, mutu wowawa mowonjezereka kapena kufooka kwa mkono kapena mwendo ndi za 999. Pobweza ana madzulo, uzani kholo lililonse maso ndi maso chimene chachitika, ngakhale chaching'ono, ndipo lembani m'buku la gulu. Akumbutseninso kuyang'ana nkhupakupa m'khwapa, kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'mutu, chifukwa za kuno zina zimafalitsa matenda a Lyme. Imachotsedwa ndi kachipangizo kake kamene timagulitsa mu famasi, osati ndi Vaseline kapena machesi. Chidzolo chake chozungulira chimatha kutuluka patapita milungu ingapo, ndipo pakhungu lakuda chimaoneka ngati pamene munthu anamenyetsa, osati chofiira. Kholo likachiona, kapena mwana akayamba kutentha thupi ndi kuphwanya m'mafupa, apite kwa GP ndi kumuuza kuti mwanayo anali kutchire.